Wailesi, nyuzipepala kapena Facebook: wofufuza wachinyamata ayambire pati?

Foni inalira ndili mu labu, m'manja muli kachubu ka udzudzu. Anali mtolankhani wa nyuzipepala ina. Akuti wamva kuti gulu lathu likufufuza za udzudzu wosamva mankhwala, koma akuluakulu anga sakuyankha foni. Ndinali ndisanathe chaka pantchito. Ndinamuyankha choimirira, mphindi zisanu zokha, mumtima ndikumva kukoma kuti dzina langa lituluka m'nyuzi. Ndinamuuza zoona zokhazokha: udzudzu wina umene tinagwira sunafe titauika pa pepala lonyika m'mankhwala omwe aja amapaka m'masikito.

Patapita masiku awiri nkhani inatuluka, mutu wake ukunena kuti masikito asiya kugwira ntchito. Madzulo ake mayi anga aang'ono anaimba kuchokera kumudzi. "Ndiye mwanawe, masikito aja tingotchingira dimba basi?"

Mtolankhani uja sananame, ndipo mutuwo sanalembe ndi iye, analemba mkonzi wake. Vuto linali langa. Sindinanene chiganizo chimodzi chofunika kuposa zonse, choti neti imatchingabe udzudzu ngakhale mankhwala atachepa mphamvu, choncho anthu asaleke kugonamo. Ndinayankha funso limene anandifunsa, osaganizako za munthu amene nkhaniyo ikamufike.

Chichokereni tsiku limenelo ndayesapo njira pafupifupi zonse zofikitsira kafukufuku kwa anthu, ndipo anzanga ongoyamba kumene, aku mayunivesite a KUHeS, LUANAR, MUST, Mzuzu University ngakhale aku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ndi Bvumbwe, amandifunsa kuti yabwino ndi iti. Ndimawabwezera funso: amene mukufuna amve ndani? Ngati ndi mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill, njira yake ndi ina. Ngati ndi mayi wolima chimanga ku Mchinji, njira yakenso ndi ina. Ambiri timasankha njira potengera kumene anzathu a sayansi adzatione, kenako n'kumadabwa kuti eni nkhani sanamve.

Kuyankha mtolankhani wa nyuzipepala

Iyi ndi njira imene imakupezani musanaikonzekere. The Nation ndi The Daily Times sizifika kumudzi kwenikweni, koma zimakhala pa desiki ya aphungu, akuluakulu a maunduna ndi mabungwe othandiza. Komanso m'mawa wailesi zimawerenga mitu ya nkhani za m'nyuzi, kotero mutu umodzi wolakwika umazungulira dziko lonse dzuwa lisanakwere. Mayi anga aang'ono aja anamva choncho.

Mphamvu yake ndi imeneyo, ndipo chiopsezo chakenso n'chomwecho: mawu omaliza si anu. Mtolankhani ali ndi maola ochepa, mwina tsikulo akulemba nkhani zitatu, ya khoti, ya ndale ndi yanuyo. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma mwambiwu usatichititse kunyoza atolankhani. Nthawi zambiri za m'maluwazo timawapatsa ndife eni, polankhula mozungulira ngati tikuteteza digiri.

Chimene ndinaphunzira n'chosavuta. Osayankha pomwepo. Funsani dzina lake, kumene akulembera, nkhani yake ndi yotani, ndipo akuifuna pofika nthawi yanji. Muuzeni kuti mumuimbira pakatha mphindi 30, ndipo muimbedi, chifukwa mukapanda kutero sadzakufunaninso. M'mphindi zimenezo dziwitsani okuyang'anirani, ndipo lembani ziganizo zitatu: chimene mwapeza, chimene sichikutanthauza, ndi chimene munthu achite mawa. Mukatha kulankhulana, mutumizireni manambala ndi kalembedwe ka mayina pa WhatsApp. Kupempha kuti muwerenge nkhani yonse isanatuluke ambiri amakana, ndipo ali ndi ufulu wokana. Koma kupempha kuti akuwerengereni mawu anu okha ndi manambala, ambiri amalola.

Njira imeneyi imamukhala bwino munthu amene zotsatira zake zatuluka kale m'magazini a akatswiri ndipo zikukhudza ndondomeko za boma. Kwa amene ali pakati pa kafukufuku, ndi bwino kungothandiza mtolankhani kumvetsa nkhani popanda kutchula zimene mwapeza.

Wailesi, makamaka za m'madera

Apa ndiye mtima wanga uli, ndipo sindibisa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Nyumba imodzi mwa zitatu inali ndi wailesi, pamene ya kanema inali m'nyumba pafupifupi imodzi mwa khumi. Onjezani apo mafoni ang'onoang'ono okhala ndi wailesi mkati, ndi chizolowezi chathu chomvera limodzi pa golosale, m'minibasi, pamalo ometera. MBC Radio 1 ndi Zodiak zimamveka pafupifupi dziko lonse. Ndiye pali wailesi za m'madera: Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, Nkhotakota Community Radio, Mzimba Community Radio, Chanco ku Zomba, ndi zina zambiri zoulutsa m'Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe kuwonjezera pa Chichewa.

Ubwino woyamba ndi woti mawu amatuluka m'kamwa mwanu momwe, popanda wina wowakonza. Wachiwiri, womwe sindinauyembekezere, ndi woti wailesi imakuphunzitsani sayansi yanu yomwe. Pa Chingerezi munthu umabisala m'mawu akuluakulu. M'Chichewa mulibe pobisala. Yesani kunena kuti katemera ali ndi mphamvu ya 40 peresenti muone nkhope ya muulutsi. Katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe Malawi inakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya zisanatsatire, ndi chitsanzo chabwino. Mukati "amateteza", mayi amva kuti mwana sadwalanso, ndipo akadzadwala adzati munamunamiza. Mukati "amateteza pang'ono", amva kuti ndi wopanda ntchito. Chiganizo choona n'chachitali: pa maulendo khumi amene ana akanadwala malungo, katemerayu amaletsa pafupifupi anayi, n'chifukwa chake neti ndi kuthamangira kuchipatala thupi likatentha sizikutha ntchito. Kuti mufike pa chiganizo chotere muyenera kukhala pansi n'kuganiza, ndipo mukachipeza mumazindikira kuti poyamba inunso simunkamvetsa bwinobwino.

Palinso mawu awiri amene ndaona akugwetsa anthu: kuyeza ndi kuyesa. "Tikuyeza magazi" ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku kuchipatala. "Tikuyesa mankhwala" imamveka ngati anthu asanduka mbewa za mu labu. Ndipo mawu akuti magazi paokha ndi ofunika kuwagwira ngati dzira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsako antchito ake m'maboma ena. Wofufuza aliyense wotenga magazi kumudzi amagwira ntchito pansi pa mthunzi wa nkhani imeneyo. Pa wailesi mutha kufotokoza pang'onopang'ono kuti mumatenga ochuluka bwanji, mwina osadzaza supuni yaing'ono, amapita kuti, ndipo otsala amatani nawo.

Tsiku lina ndinali mu situdiyo ya wailesi ina ya m'dera, kachipinda kothina, makoma atamatidwa masiponji, fani atazimitsa kuti isamveke pa maikolofoni. Ndinakonzekera kulankhula za mitundu ya udzudzu. Woimba foni woyamba, bambo wachikulire, anati: "Achimwene, inu mukuti malungo amabwera ndi udzudzu. Nanga bwanji ana amadwala kwambiri nthawi ya mango ndi chimanga chachiwisi?" Funso limenelo linali labwino kuposa mafunso ambiri amene ndafunsidwapo pa misonkhano ya akatswiri. Bamboyo anaona zoona: malungo amachuluka nyengo imeneyo. Chimene chinasowa n'choti nyengo ya mango akumapeto ndi mondokwa ndi nyengonso ya mvula ndi zithaphwi zoswera udzudzu. Ndikanamuseka, ndikanataya omvera onse. Ndinayamba ndi kumuvomereza, kenako tinafika pa zithaphwi limodzi. Mapepala anga aja sindinawatsegule n'komwe.

Zoti izi zimatheka si maloto. Bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre linayambitsa pulogalamu ya Umoyo Nkukambirana, momwe ofufuza ndi madokotala amayankha m'Chichewa mafunso ochokera kwa omvera. Kumbali ya ulimi, Farm Radio Trust yakhala ikugwira ntchito ndi wailesi zambiri kufikitsa uphungu kwa alimi. Ngati muli pafupi ndi mapulogalamu otere, pemphani kupita nawo ngakhale kukangonyamula chikwama cha akuluakulu anu ulendo woyamba.

Zovuta zake zilipo. Pulogalamu ikamaulutsidwa pompopompo, mawu akatuluka atuluka. Mudzafunsidwa zimene si gawo lanu, monga kuti mwana wa woimbayo amwe mankhwala anji, ndipo yankho lake ndi loti apite naye kuchipatala lero lomwe, basi. Ndalama nazo: kukhala mlendo pa pulogalamu ya wailesiyo n'kwaulere, koma mukafuna nthawi yanuyanu mumalipira, choncho iikeni mu bajeti ya kafukufuku poyambirira pomwe. Chopweteka kwambiri n'choti wailesi siisiya chizindikiro. Komiti yokweza anthu pantchito siiwerenga maola amene munatha mu situdiyo. Pemphani muulutsi akuikireni pulogalamuyo pa fulashi, musunge, mulembe tsiku lake. Mabungwe opereka ndalama za kafukufuku, monga Wellcome, amafunsa zimene munachita pofikira anthu wamba, ndipo tsiku limenelo mudzakhala ndi choonetsa.

Za wailesi ya kanema sinditaya nthawi. Imakutchukitsani m'tauni, achibale amasangalala, koma nthawi zambiri mumapatsidwa masekondi ochepa pa nkhani za madzulo. Ngati muli ndi chooneka ndi maso, monga mbozi zikudya mtima wa chimanga kapena nsomba m'damu, pitani. Ngati mungokhala pampando mutavala jekete, wailesi wamba ikuposa.

Kulemba nokha

Kwa amene amaopa kupotozedwa mawu, njira yofatsa ndi iyi. The Conversation, nyuzi ya pa intaneti yolembedwa ndi akatswiri, inayamba ku Melbourne mu 2011, ndipo nthambi yake ya Africa inatsegulidwa ku Johannesburg mu 2015. Imalandira nkhani kuchokera kwa anthu ogwira ntchito m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku, kuphatikizapo ophunzira a PhD amene ali ndi owayang'anira. Mumatumiza ganizo lanu mwachidule, akalikonda amakupatsani mkonzi, mumalemba mawu pafupifupi 800, ndipo nkhani siituluka inu musanavomereze. Amafuna munene poyera amene amakupatsani ndalama za kafukufuku. Salipira. Koma nkhaniyo nyuzipepala iliyonse padziko ili ndi ufulu woisindikizanso mwaulere, bola isasinthe mawu.

Ndimaiona ngati sukulu yabwino kwambiri ya kalembedwe imene wofufuza angalowe osalipira fizi. Mkonzi amakubwezerani ndime yanu yoyamba n'kufunsa kuti nkhani yeniyeni ili pati, ndipo mumaipeza itabisala m'ndime yachisanu. Komabe tisadzinamize: ndi ya Chingerezi, ya pa intaneti. Idzakudziwitsani kwa atolankhani akunja ndi anzanu a ku Nairobi kapena London, ndipo pa CV imaoneka bwino. Mayi wa ku Mchinji uja sadzaiona.

Pakatikati pali masamba a maganizo m'nyuzipepala zathu. Akonzi amasowa olemba odziwa zinthu, makamaka nkhani ikakhala yotentha. Nthawi ya kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700, kapena namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, katswiri wachinyamata wa za madzi kapena nthaka akanatha kupeza malo mosavuta. Chinsinsi chake ndi changu: nkhani ya lero imafunika mawa, osati mwezi wamawa a pulofesa atabwerako ku msonkhano. Ndipo musaiwale masamba a Chichewa, monga Tamvani wa mu Weekend Nation ndi nyuzi ya Fuko. Ofufuza ochepa kwambiri amaganiza zolemba kumeneko, chonsecho ndi kumene kulibe mpikisano.

Facebook, WhatsApp, X ndi TikTok

Anzanga ambiri amayambira pano chifukwa palibe wopempha chilolezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo amenewa si amodzi. Pa X ndi LinkedIn mumakumana ndi akatswiri anzanu ndi atolankhani, ndipo ndi abwino posaka ntchito ndi mwayi wa maphunziro. Facebook ndiye bwalo lenileni la Amalawi okhala ndi bandulo, koma ndi bwalo lachipongwe, kumene ndemanga yoseketsa imapambana yoona. WhatsApp ndi wamphamvu kuposa onse chifukwa uthenga umabwera kudzera kwa m'bale kapena mnzako wa kutchalitchi, koma ukachoka m'manja mwanu simungaubwezenso, ndipo umayenda wopanda dzina ndi tsiku.

Tinaona nthawi ya Covid-19 momwe mauthenga a mawu ankayendera m'magulu usiku umodzi. Mu Meyi 2021 boma linawotcha poyera katemera wa AstraZeneca woposa 19,000 yemwe anatha nthawi yake. Anafika atatsala ndi masabata ochepa, komanso mantha a anthu anachedwetsa ntchito. Pamenepo ndinamvetsa kuti kukhala chete pa masamba amenewa nakonso kuli ndi mtengo wake.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi luso lojambula ndi kuseketsa, ndipo mungapirire kutukwanidwa, pangani timavidiyo ta mphindi imodzi m'chilankhulo cha kwanu, mutchule dzina lanu ndi tsiku m'kati mwa kavidiyo momwemo. Atsikana ndi amayi adziwiretu kuti ndemanga zambiri zidzakhala za nkhope ndi zovala, osati za sayansi, choncho ndi bwino kukhala ndi mnzanu wokuthandizani kuyang'anira tsamba. Ngati mulibe mtima umenewo, tsegulani tsamba lodekha longoonetsa kuti ndinu ndani ndipo mumafufuza chiyani, kuti mtolankhani akupezeni. Zimenezo n'zokwanira. Musajambule odwala kapena ana a m'mudzi wa kafukufuku popanda chilolezo cholembedwa. Chilolezo chimene anasaina cholowa mu kafukufuku si chilolezo choti nkhope yawo ikhale pa Facebook, ndipo makomiti ovomereza kafukufuku wokhudza anthu, monga COMREC ndi NHSRC, sangakumvereni chisoni pa zimenezi.

Msonkhano wa atolankhani: usiyeni kaye

Njira iyi ndi ya bungwe, si ya munthu mmodzi, ndipo mbiri yake mu sayansi ili ndi zipsera. Pa 23 Malichi 1989, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons anaitana atolankhani ku University of Utah n'kulengeza kuti apeza njira yotulutsira mphamvu ya nyukiliya m'botolo popanda kutentha koopsa. Ma labu ena atayesa, sizinatheke, ndipo mayina awo anaipa mpaka kalekale. Mu 1998 Andrew Wakefield, pa msonkhano wa atolankhani ku London, anakayikitsa katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, potengera ana 12 okha. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inachotsa pepala la kafukufuku wakeyo mu 2010, koma makolo ambiri anali atasiya kale kubayitsa ana, ndipo chikuku chinabwerera. Amenewa anali akuluakulu, osati ongoyamba kumene.

Kwathu kuno palinso nkhani ya chipondamthengo. Mukaitana atolankhani ku hotela, pamayembekezeka ndalama ya thiransipoti, ndipo malire pakati pa kubweza ndalama ya ulendo ndi kugula nkhani ndi opyapyala. Malipiro a atolankhani ambiri ndi ochepa, sindikuwaweruza. Koma envelopu zimenezo zisatuluke m'thumba mwanu. Zisiyireni ofesi yofalitsa nkhani ya bungwe lanu, imene ili ndi malamulo ake ndi malisiti.

Ofesi imeneyo, ngati ilipo, ndi bwenzi limene ofufuza achinyamata amaliiwala. Pitani mukadzidziwitse pepala lanu lisanatuluke. Magazini akuluakulu ngati Nature ndi The Lancet amaika tsiku ndi ola limene nkhani iyenera kutulukira, ndipo atolankhani amapatsidwa pepalalo pasadakhale atalonjeza kudikira. Palinso lamulo lakale limene Franz Ingelfinger, mkonzi wa New England Journal of Medicine, anakhazikitsa mu 1969, loti magaziniyo siidzasindikiza zotsatira zimene zafalitsidwa kale kwina. Magazini ambiri anatengera. Kutanthauza kuti kuyankhula msanga kungakutayitseni pepala limene mwalivutikira zaka zitatu, inu pamodzi ndi anzanu onse olemba nawo.

Ena amafunsa za mipikisano ndi maphunziro. FameLab, yomwe inayamba ku Cheltenham mu 2005, ndi Three Minute Thesis ya ku University of Queensland ya 2008, zonse zimakupatsani mphindi zitatu zofotokozera ntchito yanu kwa anthu wamba. Ndi masewera olimbitsa lilime abwino, ndipo simufunika kudikira mpikisano weniweni: itanani anzanu asanu Lachisanu masana, wina agwire wotchi. Kungoti muwonjezere lamulo lathu, loti ulendo wachiwiri aliyense anene zomwezo m'chilankhulo cha kwawo. Mudzaona ma PhD akutuluka thukuta.

Mukandikakamiza kuti ndiike njirazi pamzere, kwa munthu wa m'chaka choyamba kapena chachiwiri ndingati ayambe ndi wailesi ya m'dera limene akuchitira kafukufuku, pa pulogalamu yojambuliratu, akulankhula zimene sayansi ikudziwa kale, osati zotsatira zake zatsopano. Pepala loyamba likatuluka, alembere The Conversation, kenako nkhani yomweyo aisandutse ya Chichewa. Atolankhani a nyuzipepala awadziwe awiri kapena atatu amene amalemba za umoyo, ulimi kapena chilengedwe, azimwa nawo tiyi nkhani isanabwere. Mapanga awiri avumbwitsa: wina akafuna kuchita zonse nthawi imodzi, labu imagona.

Mtolankhani wa masikito uja ndinadzamuimbira patatha sabata, mkwiyo utaphwa. Sindinapemphe kuti apepese. Ndinamuitana kuti adzaone mmene timayezera udzudzu, ndipo anabwera ndi wojambula zithunzi. Anakhala ola lathunthu akuwerenga nane udzudzu wakufa ndi wamoyo m'makapu, mpaka anafunsa yekha kuti nanga neti yosang'ambika udzudzu ungalowe bwanji. Nkhani yachiwiri inatuluka pa tsamba la mkati, yaing'ono, yolondola. Ndinaidula n'kuitumiza kumudzi, koma mayi anga aang'ono anati iwo anamva kale pa wailesi kuti azigonabe m'masikito.